Dzino Limene Makolo Ambiri Saliwerenga

Kodi munayamba mwatsekula pakamwa pa mwana wanu n'kuwerenga mano ake? Mano oyamba amayamba kumera pa miyezi 6 ndipo amakwana 20. Munthu wamkulu amakhala ndi mano 32: akutsogolo 8 olumira, osongoka 4 ong'ambira nzimbe kapena nyama, 8 otsatira ophwanyira chakudya, ndi 12 akumapeto operera chimanga chokazinga ndi matemba a ku Chiuta.

Koma makolo a kuno ku Insaca mpaka ku Entre-Lagos, tamverani izi. Mwana akafika zaka 6, kumapeto kwa mano oyamba kumamera mano 4 akuluakulu, awiri kumwamba, awiri kunsi. Amamera popanda dzino lina kugwa, n'chifukwa chake ambiri timawayesa aubwana, n'kumati akabowoka adzaphuka ena. Ayi ndithu! Amenewa ndi a moyo wonse, likazulidwa silimeranso.

Choncho muziwatsuka ana mpaka kumapeto kwenikweni, m'mawa ndi pogona, ndi mswachi ndi mankhwala okhala ndi fluoride. Chepetsani maswiti ndi zakumwa zashuga. Mukaona kadontho kakuda padzino, pitani naye kuchipatala lisanayambe kuwawa.