Mantha Sachoka ndi Ndodo

M'banja lina, ana pochokera ku sukulu anapeza galu woonda atagona m'ngalande, nthiti zonse zili poyera, m'khosi muli chilonda cha waya. Anamnyamula napita naye kwao, ndipo atapempha ndi misozi, makolo analola kuti akhale. Koma chimwemwe chao sichinakhalitse. Galuyo sanafune kutuluka kunsi kwa nkhokwe. Mai akatola tsache iye ankanjenjemera, ndipo njinga yamoto ikadutsa ankathawira kuseri kwa nyumba. Usiku wa mvula yoyamba bingu litagunda, mwana wamng'ono anamtsatira kuti amkumbatire, ndipo galuyo anamluma padzanja. Pomwepo bambo anatola ndodo.

Nkhani yotere si yachilendo pakati pathu. Ena a ife tinatola galu pamseu, ena tinalandira wosiyidwa ndi anansi amene anasamuka, ndipo ena tinamtenga ku mabungwe opulumutsa nyama monga Lilongwe Society for the Protection and Care of Animals. Pa khomo lotere pali zinthu zitatu zimene zili pangozi: dzanja la mwana, moyo wa galu, ndi mitima ya ana amene akupenyerera kuti aone m'mene Mkhristu amachitira ndi cholengedwa chofooka. Kodi ndodo ingapulumutse chimodzi mwa izi?

Mantha amachokera kuti?

Ambiri timaganiza kuti galu aliyense wamantha anamenyedwapo. Nthawi zina ndi zoona, koma si nthawi zonse. Akatswiri awiri a ku America, John Paul Scott ndi John Fuller, anaphunzira makhalidwe a agalu kwa zaka zambiri ku Bar Harbor, ndipo m'chaka cha 1965 anafalitsa zimene anapeza. Anaonetsa kuti kagalu kamaphunzira kuzolowera anthu ndi zinthu zozungulira makamaka pakati pa sabata 3 ndi sabata 12 za moyo wake. Kagalu kamene kanakulira kudzala, kosagwidwapo ndi dzanja lachifundo m'masabata amenewa, kamakula kakuona chinthu chilichonse chatsopano ngati mdani, ngakhale palibe anakamenyapo.

Tikumbukirenso kuti khutu la galu silifanana ndi lathu. Munthu amamva mau onjenjemera kufikira ka 20,000 pa sekondi imodzi, pamene galu amamva opitirira 40,000. Chotero m'phokoso la chigayo, la injini kapena la malata ogwedezeka ndi mphepo, galu amamvamo zambiri zimene ife sitimva konse. Galu wamantha sachita mwano pamene akana kutuluka poitanidwa. Thupi lake lonse likumuuza kuti imfa ili pafupi, ndipo tikammenya timangotsimikiza zimene ankaopa.

Galu amachenjeza asanalume

Inu makolo, phunzitsani ana anu kuwerenga thupi la galu monga muwaphunzitsa kuwerenga mitambo. Galu akapinda mchira pakati pa miyendo, akagoneka makutu, akamanyambita milomo kapena kuyasamula popanda tulo, akatembenuza mutu osafuna kukuyang'anani, akupempha kuti mumsiye. Ngati sitimva pempho limeneli, amauma thupi, nadzuma, naonetsa mano. Kuluma kumadza pamapeto, njira zonse zothawira zitatsekeka.

Pa chifukwa ichi musalange galu podzuma. Mukamlanga, amaphunzira kuleka kuchenjeza, koma mantha ake amakhala alipobe, ndipo tsiku lina adzaluma mosachenjeza. Ana adziwe malamulo awa: asamkumbatire, asamtsatire kumene wabisala, asamkhudze pamene akudya kapena kugona, ndiponso asamyang'anitsitse m'maso.

Masiku oyamba pakhomo

Mlendo akafika atatopa sitimfunsa nkhani asanapume. Momwemonso galu wotoledwa. Mkonzereni malo ake obisika ndi ouma, pakona ya khonde kapena m'kanyumba kofolera bwino, muyalemo chiguduli ndi kuikapo madzi. Malo amenewo akhale ake ndithu, kotero kuti akalowamo palibe womtulutsa. Mpatseni chakudya nthawi yofanana tsiku ndi tsiku, ndipo poyamba akhale munthu mmodzi womsamala. Munthuyo akhale pansi chapatali, atampatsa mbali osati nkhope, aponye kausipa pafupi ndi galuyo, kenaka achoke. Musamkoke ndi chingwe kuti adze kwa inu. Mlekeni adze yekha. Galu wina amatero patapita masiku ochepa, wina patapita miyezi. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Phunziro la amphaka a ku Johannesburg

Njira yochiritsira mantha inaonekera bwino m'ntchito ya dokotala wa ku South Africa, Joseph Wolpe. M'zaka za m'ma 1940, pa yunivesite ya Witwatersrand ku Johannesburg, iye anaopseza amphaka ndi magetsi ali m'khola, chinthu chimene lero ambiri angachitche nkhanza. Amphakawo anagwidwa ndi mantha kotero kuti anakana kudya m'kholamo ngakhale anali ndi njala. Wolpe anayamba kuwadyetsa m'chipinda china chosafanana ndi chimene anazunzikiramo. Atayamba kudya momasuka, anawasunthira m'chipinda chofananako pang'ono, ndipo anapitiriza motero kufikira anadya m'khola lomwe lija. M'chaka cha 1958 analemba buku lofotokoza njirayi, imene madokotala amathandizira nayo anthu amantha kufikira lero.

Phunziro lake ndi ili: chinthu choopsa chiyambe kuonekera chili patali, pamodzi ndi chinthu chokoma, ndipo chiyandikire pang'onopang'ono. Ngati galu wanu amaopa njinga yamoto, imani naye patali pamene angaimve koma osanjenjemera. Njinga ikangomveka, mpatseni kausipa, ikapita, lekani. Chitani izi kwa mphindi zochepa tsiku lililonse, ndipo patapita masiku angapo yandikirani mapazi owerengeka. Chakudya chomwecho ndicho muyeso wanu. Galu akalandira ndi kudya, muli pamalo oyenera. Akakana chakudya chimene amakonda, mwafulumira, bwererani m'mbuyo.

Malo achilendo nao achitidwe motero. Ayambe wazolowera bwalo la pakhomo, kenaka njira ya kudimba m'mamawa anthu asanachuluke, kenaka m'mbali mwa mseu. Msika ndi pokwerera mabasi zidze pamapeto, ngati n'kofunika konse. Akhale pa chingwe chosathina pakhosi, pakuti galu wodzidzimuka amathawa mosayang'ana galimoto. Anyamata ena amati kumtengera galu pakati pa phokoso kumamlimbitsa mtima. Si zoona. Kawirikawiri galu wotero amangouma ndi mantha, ndipo tsiku lotsatira amaopa koposa kale.

Mabingu ndi makombola

Pali maphokoso ena amene sitingawaike patali. Mvula yoyamba imadza ndi mabingu, ndipo pa Khrisimasi ndi pa Chaka Chatsopano ana amaphulitsa makombola. Mukaona mitambo ikuda, kapena dzuwa la tsiku la chikondwerero likulowa, mlowetseni galu m'malo ake phokoso lisanayambe. Musamsiye womangidwa pamtengo poyera, pakuti pofuna kuthawa angadzipotokole ndi chingwe. Wailesi yolira pang'ono imathandiza kuphimba phokoso la kunja. Akadza kudzatsamira miyendo yanu, musamuingitse. Kumlankhula ndi liu lofatsa sikuonjezera mantha. Koma akasankha kubisala, msiyeni abisale. Ndipo inu achinyamata, kumangirira makombola kapena zitini kumchira wa galu si masewera oyenera mwana wa Mulungu.

Tisaiwale chiwewe

Chifundo chiyende pamodzi ndi nzeru. Galu wa pamseu sitidziwa kumene wayenda, choncho ana asamnyamule okha, koma aitane munthu wamkulu. Asanazolowerane ndi banja, aonedwe ndi dokotala kapena mlangizi wa ziweto, abayidwe katemera wa chiwewe, ndi kulandira mankhwala a nkhupakupa ndi njoka za m'mimba. Ululu wa chilonda kapena wa khutu nao umaonjezera mantha. Bungwe la World Health Organization limanena kuti chiwewe chimapha anthu pafupifupi 59,000 chaka chilichonse, ndipo mwa anthu 10 alionse ophedwa nacho, 4 ndi ana osafika zaka 15. N'chifukwa chake mu 2015 bungwe la Mission Rabies linayamba kubaya agalu ambirimbiri katemera mu mzinda wa Blantyre. Galu akasintha khalidwe mwadzidzidzi, nayamba kuluma zinthu mosasankha, kutuluka dovu kapena kulephera kumeza, musamuyese wamantha chabe. Talikirani, ndipo itanani a zaziweto msanga.

Chimene bambo uja anayenera kutola usiku umenewo ndi sopo. Bala la kulumidwa litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo mwana apite kuchipatala mosazengereza, pakuti chiwewe chikayamba kuoneka m'thupi sichichiritsika. Galuyo atsekeredwe bwino ndi kuyang'aniridwa kwa masiku 10 motsata malangizo a zaziweto. Zikatha izi, banja likhale pansi ndi kugwirizana za malo a galu, za womdyetsa, ndi za malamulo a ana. Ngati galu apitiriza kuluma ngakhale mwayesetsa, funsani dokotala wa ziweto. Chitetezo cha ana chimatsogola.

Mau a Mulungu sanaiwale ziweto. Pa Miyambo 12:10 timaphunzira kuti chilungamo cha munthu chimafika mpaka kukhola, ndipo pa Deuteronomo 5:14 mpumulo wa Sabata unaperekedwa ngakhale kwa ng'ombe ndi bulu. Mwana amene wakhala pansi masabata ambiri akuponya kausipa, kufikira tsiku limene galu wamantha wadza yekha nagoneka mutu paphazi pake, waphunzira kuleza mtima kumene adzakusowa polera ana ake, posamala agogo ake okalamba, ndi polandira mwana wamasiye amene amadzidzimuka munthu akakweza dzanja. Awerengi okondedwa, mvula isanafike chaka chino, yang'anani kumene galu wanu amagona, ndipo mufunse ana anu ngati akudziwa tanthauzo la mchira wopindidwa.