Magazi akachepa, mtima wodwala umavutika pawiri

Munthu akafika kuchipatala atagwira pachifuwa, thukuta lili kamukamu, chifukwa choti mtsempha wopereka magazi kumtima watsekeka, madokotala amathamangira kuutsegula. Koma pali nambala ina pa pepala la zotsatira za magazi yomwe imaneneratu zambiri za tsogolo lake: mlingo wa himogulobini.

Himogulobini ndi chinthu chofiira cha m'magazi chomwe chimanyamula mpweya wa okosijeni. Mtima, ngakhale munthu ali chigonere, umayamwa pafupifupi magawo atatu mwa anayi a mpweya umene magazi aubweretsera. Magazi akachepa, umagunda mofulumira kuti thupi lisasowe mpweya, ndipo pogunda chotero nawonso umafuna mpweya wochuluka. Mtima wovulala umakhala ngati mlimi wodwala amene wapatsidwa ndime yaikulu pomwe phala lachepa.

Mu 2005, Marc Sabatine ndi anzake a ku Boston anaunika odwala pafupifupi 40,000. Mwa omwe mtsempha unatsekekeratu, imfa zinkachuluka himogulobini akatsika pansi pa magalamu 14 pa desilita, ndipo galamu iliyonse yotsika inkakweza chiopsezo ndi pafupifupi gawo limodzi mwa asanu. Ku Britain, kafukufuku wa mu 2016 wa odwala oposa 400,000 anapeza kuti oposa mmodzi mwa anayi aliwonse anafika ndi magazi ochepa, ndipo ameneŵa ankamwalira kwambiri m'mwezi woyamba ngakhalenso chaka chisanathe.

Abambo ndi amayi sayezedwa ndi muyeso umodzi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati bambo ali ndi magazi ochepa akatsika pansi pa magalamu 13, mayi wosayembekezera pansi pa 12. Choncho 12.5 kwa mayi ndi bwinobwino, koma kwa bambo ndi chenjezo. Bambo sasamba, sabereka. Magazi ake akachepa pamafunika kufufuza komwe akuthawira. Mwina ndi chilonda cha m'mimba, khansa ya m'matumbo kapena impso zofooka, ndipo matenda obisikawa amachepetsanso mwayi wake wochira.

Kwa amayi vuto ndi lina. Ambiri amadwala mtima atakula kuposa abambo, nthawi zambiri ali kale ndi shuga kapena kuthamanga kwa magazi. Mankhwala oletsa magazi kuundana, monga asipirini, amapulumutsa moyo koma amayi amataya nawo magazi kawirikawiri kuposa abambo. Komanso befu, kufooka ndi chizungulire zimapezeka m'matenda onse awiri, motero mayi akhoza kuuzidwa pakhomo kuti "ndi magazi chabe" pamene mtima ukuwonongeka.

Nanga kumuwonjezera magazi wodwalayo? Kafukufuku wa MINT wa mu 2023 anatsata odwala 3,504. Ena ankalandira magazi himogulobini akatsika pansi pa 10, ena ankadikira kufika pa 7 kapena 8. M'masiku 30, omwalira kapena kudwalanso mtima anali 14.5 peresenti mwa olandira msanga ndi 16.9 mwa odikira. Kusiyanaku sikunali kokwanira kutseka nkhani, komabe kukusonyeza kuti mtima wovulala sufuna kudikiritsidwa kwambiri.

Kwathu kuno malungo, njoka za m'mimba, HIV ndi kusowa ayironi m'zakudya zimadya magazi a anthu ambiri. Ngati muli ndi shuga, kuthamanga kwa magazi kapena matenda a mtima, pemphani kuyezedwa magazi. Tsitsani chikope cha m'munsi: chikaoneka chotuwa m'malo mofiira, kapena chimbudzi chikada bii ngati phula pamene mukumwa asipirini, pitani kuchipatala msanga, ndipo musasiye mankhwala musanaonane ndi dokotala. Chiwindi, nyemba ndi bonongwe zimathandiza, koma sizitseka chilonda chimene chikutaya magazi. Chofunika ndi kupeza gwero lake mtima usanagwe m'mavuto.