Mphaka Akakalamba, Yang'anani Ubweya Wake

Alimi anzanga, pa tsamba lino timakonda kukamba za ng'ombe, mbuzi ndi nkhuku poti ndizo zimabweretsa ndalama m'thumba. Lero ndikambako za mphaka, makamaka amene wakalamba. Mphaka sitipita naye ku msika, koma aliyense amene anapezapo matumba a chimanga atabooledwa ndi makoswe akudziwa ntchito imene chiwetochi chimagwira usiku ife tili mtulo.

Mphaka wosamalidwa bwino amatha kufika zaka 15 kapena kupitirira, ngakhale ambiri a m'midzi mwathu safika kumeneko chifukwa cha agalu, magalimoto ndi poizoni. Madokotala a ziweto amayerekeza kuti mphaka wa zaka 10 ali ngati munthu wa zaka 56, ndipo wa zaka 15 ali ngati gogo wa zaka 76. Vuto lake n'lakuti mphaka amabisa matenda. Sabuula ngati galu. Amangokabindikira kuseri kwa nkhokwe, ndipo eni ake amadzazindikira zinthu zitafika kale poipa.

Ine ndaweta amphaka zaka zambiri, ndipo chimene ndaona n'chakuti ubweya ndiwo umayamba kuulula. Lilime la mphaka lili ndi timinga topindikira kumbuyo, n'chifukwa chake limakhakhala akakunyambitani pa dzanja. Ndicho chipeso chake, ndipo mphaka wathanzi amatha maola angapo tsiku lililonse akudzinyambita. Ukalamba paokha umangobweretsa timvi pang'ono kumaso ndi kupyapyala kwa ubweya. Koma ukayamba kunyankhalala, kuoneka wamafuta, kumangana mfundo kumsana kapena kutulutsa tizinthu toyera ngati gaga, dziwani kuti mphaka wasiya kudzisamala, ndipo pali chimene chikumuletsa.

Kawirikawiri vuto limakhala m'kamwa. Mphaka wamkulu ali ndi mano 30, ndipo akamakalamba mano ena amabooka, nkhama zimatupa ndi kufiira, m'kamwa mumanunkha. Mudzamuona akubwera pa mbale ali ndi njala koma n'kubwerera, kapena akutafunira mbali imodzi chakudya chikugwa. Amene kukamwa kukumuwawa sangadzinyambite. Dokotala akachotsa dzino loolalo ubweya umabwerera mwakale.

Pamenepa ndichenjeze. Ngati mphaka wasintha khalidwe mwadzidzidzi, akuchucha dovu, akulusa kapena akudzandira, musayese kumutsegula kukamwa ayi, chifukwa chingakhale chiwewe. Mutsekereni ndi kuitana alangizi a ziweto. Munthu akalumidwa kapena kukandidwa atsuke bala ndi madzi ndi sopo kwa mphindi 15 ndipo apite ku chipatala tsiku lomwelo. Nthawi ya katemera wa chiwewe ambiri timangokoka agalu, komatu amphaka nawonso ayenera kubayidwa.

Mfundo za ubweya zikakhala kumsana ndi kufupi ndi mchira, pomwe kutsogolo kuli bwinobwino, ganizirani nyamakazi. Mphaka sakuthanso kupinda msana kuti afike kumeneko. Ameneyu amasiyanso kudumphira pa zenera kapena kukwera nkhokwe, ndipo zikhadabo zake zimatalika mpaka kupindikira m'phazi. Anthu amati wayamba ulesi, pamene mnzathuyo akumva kuwawa.

Matenda amene amatha amphaka okalamba ambiri ndi a impso. Amabwera pang'onopang'ono, mwina chaka chathunthu munthu osadziwa. Chizindikiro choyamba ndi ludzu. Mphaka mwachibadwa samwa madzi ambiri, choncho mukamuona akukhalira pa mtsuko, pa ndowa kapena pa madzi otayika ku bafa, tcherani maso. Amakodza pafupipafupi, amaonda mpaka mafupa a msana kumveka mukamusisita, amasanza nthawi zina, ndipo ubweya umauma n'kuima ngati wa mbuzi yodwala. Impso zikaonongeka sizibwerera, zimenezi ndinene poyera. Komabe mphaka angathe kukhala miyezi yambiri, ena zaka, ngati ali ndi madzi oyera nthawi zonse, akudya chakudya chofewa chopanda mchere, ndipo dokotala akumuthandiza ndi madzi obaya pansi pa khungu akafooka. Ludzu lomweli limaonekanso pa matenda a shuga, ndipo wosiyanitsa ziwirizi ndi dokotala yekha atayeza magazi ndi mkodzo.

Palinso mphaka wina amene amadya ngati sanadyepo, kulanda ndi za anzake zomwe, koma akuonderaonderabe, ubweya uli nyankhalala, osakhazikika, usiku kumangolira. Nthawi zambiri gwero lake ndi kachiwalo ka pakhosi kaja kamene kakatupa kwa munthu timati chithokomiro. Kakagwira ntchito mopitirira muyeso thupi limatha chakudya msanga ndipo mtima umathamanga. Matendawa anadziwika koyamba mwa amphaka m'chaka cha 1979 ku New York, ndipo mankhwala ake alipo, omwa tsiku ndi tsiku. Ndikudziwa kuti mphaka wosaoneka bwino akamalira pa denga pakati pa usiku, ena amayamba kunong'onezana za ufiti mpaka kumugenda. Ine ndimati tiyambe tamugwira nthiti kuti tione mmene waondera. Wina amalira chifukwa makutu agontha ndipo wasokonezeka mu mdima basi.

Tizilombo natonso timapezerapo mwayi mphaka akasiya kudzinyambita. Mupeseni pamwamba pa pepala loyera lonyowa. Tikagwa timadontho takuda tosanduka tofiira, amenewo ndi manyi a utitiri, ndipo utitiri ukachuluka umamutha magazi mpaka nkhama kuyera. Tizinthu tonga mpunga pansi pa mchira ndi zidutswa za njoka za m'mimba, zimene amazitenga pomeza utitiri kapena podya makoswe. Ubweya ukathothoka mozungulira ngati ndalama yachitsulo, chingakhale chipere, ndipo chimenechi chimapatsira anthu. Ana asagone naye pa mphasa mpaka atachira. Mphaka woyera muzimuona nsonga za makutu ndi mphuno: nkhanambo zosapola pamenepo nthawi zina ndi khansa yobwera ndi dzuwa.

Tsono chimene chandilembetsa nkhaniyi kwenikweni ndi mankhwala amene timapatsa amphaka tokha pakhomo. Chiwindi cha mphaka sichitha kusungunula mankhwala ambiri amene munthu kapena galu amapirira. Mbulu umodzi wa Panado ungathe kupha mphaka: nkhope imatupa, nkhama zimada, amabanika. Mankhwala ena a anthu ochepetsa ululu nawonso amamuononga impso ndi m'mimba. Ena akaona utitiri amatapa mankhwala a ufa osungira chimanga n'kumuwaza. Mu Actellic Super muli mankhwala otchedwa permethrin, amene ndi poizoni kwa mphaka, ndipo amapezekanso m'mankhwala ena a utitiri opangira agalu. Mphaka akawanyambita amanjenjemera, kugwa ngati wa khunyu, mwinanso kufa. Musamuviike m'mankhwala a ku dibi, ndipo musamupake oyilo wakuda wa galimoto kapena parafini monga ena amachitira ndi agalu a mphere. Chilichonse chimene mwapaka pa ubweya wa mphaka chimathera m'mimba mwake. Ndipo amene mumathira tameki pofuna kupha makoswe, kumbukirani kuti mphaka wokalamba ndiye amatola khoswe wofooka uja poti wathanzi sangamupeze.

Za chakudya ndingonena mwachidule. Mphaka ndi wodya nyama. Ali wamng'ono amadzipezera yekha ndiwo m'nkhokwe, koma akakalamba amadalira mbale yanu, ndipo mkute wokha sungamusunge. Muphikireni usipa kapena matemba opanda mchere ndi anyezi, dzira lowiritsa, kapena zotsala za nkhuku mutachotsa mafupa. Mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba amphaka ambiri akuluakulu.

Mphaka akatha masiku awiri osadya, akamasanza mobwerezabwereza, akamapuma movutika, kapena wamphongo akamakhala nyonyomala mkodzo osatuluka, musadikire tsiku la msika. Yambani ndi a vetenale a ku EPA kwanu kapena ku ofesi ya ziweto ya pa boma. Zoyeza magazi ndi kuchotsa mano zimafuna chipatala cha ziweto, monga cha bungwe la LSPCA ku Lilongwe, cha BSPCA ku Blantyre, kapena madokotala oima paokha a m'mizinda. Munyamulireni m'dengu lovindikira kapena m'katoni yoboola timabowo, osati m'thumba la feteleza. Kauzeni dokotala zaka zake, tsiku limene munayamba kuona kusintha, mmene akumwera madzi, ndiponso mankhwala aliwonse amene anakhudza. Ngati matenda afika poti sangachire, pemphani dokotala amugoneke ndi jakisoni m'malo mokamutaya kutchire.

Amene ulendo wa ku tauni simungaukwanitse, pali zina zoti muchite pakhomo. Mupeseni pang'onopang'ono tsiku lililonse ndi chipeso chakechake, ndipo mum'pukute ndi kansalu konyowa m'malo momusambitsa. Mfundo zolimba musazidule ndi lezala chifukwa khungu la mphaka wokalamba ndi lopyapyala, limang'ambika msanga. M'miyezi ya June ndi July muikireni chiguduli pamalo ofunda ku khitchini, pansi, poti kukwera sangathenso. Ntchito ya ku nkhokwe mupezere kamphaka kena, koma mbale zikhale ziwiri zotalikirana, apo ayi kamwanako kazimaliza chakudya chonse wamkuluyo asanatafune n'kamodzi komwe.