Simenti ndi Penti Zochotsa Mpweya Woipa Pogwiritsa Ntchito Dzuwa

Mu utsi wa galimoto ndi majenereta, makamaka oyendera dizilo, mumakhala mipweya yotchedwa nitrogen oxides, kapena NOx mwachidule. Woopsa kwambiri mwa iyo ndi NO2, umene umapweteka mapapo ndi kukulitsa matenda a mphumu. Alimi adziwenso kuti padzuwa mipweyayi imathandiza kupanga mpweya wa ozone pafupi ndi nthaka, ndipo umenewu umachepetsa zokolola za mbewu monga soya ndi tirigu.

Njira imodzi imene mayiko ena akuyesa ndiyo kusakaniza ufa woyera wotchedwa titanium dioxide mu simenti, penti ndi njerwa zoyala m'misewu. Chiyambi cha nzeruyi ndi ku Japan, kumene mu 1972 a Akira Fujishima ndi a Kenichi Honda anaonetsa kuti titanium dioxide akawombedwa ndi kuwala amatha kuphwanya madzi. Chimene chimachitika pakhoma n'chakuti cheza cha dzuwa chosaoneka ndi maso, chotchedwa ultraviolet, chimapatsa ufawu mphamvu. Mothandizana ndi chinyezi komanso okosijeni, mphamvuyo imasandutsa NOx wokhudza khomalo kukhala mchere wa nitrate, womwe mvula imakokolola. Mcherewu ndi wa mtundu umodzi ndi umene uli mu feteleza wa CAN, ngakhale kuti umakhala wochepa kwambiri moti sungadyetse munda. Ufawo sutha, umangofulumizitsa ntchito. Tchalitchi cha Jubilee mumzinda wa Rome, chimene chinatsegulidwa mu 2003, chinamangidwa ndi simenti yotere.

Mu labotale njirayi imagwira bwino, koma pamsewu zotsatira zakhala zosiyanasiyana. M'tauni ya Hengelo ku Netherlands, kumene msewu wina unayalidwa njerwa zoterezi, NOx anachepa ndi 19 peresenti pa tsiku lathunthu, ndipo anachepa mpaka ndi 45 peresenti nyengo ikakhala yabwino kwambiri. Koma mumsewu wapansi pa nthaka wa ku Brussels umene panthawiyo unkatchedwa Leopold II, ngakhale anaikamo nyali za ultraviolet, akatswiri sanapeze kusintha kooneka: kuwala kunali kochepa, ndipo mwaye ndi fumbi zinaphimba makoma. Mu 2016 gulu la akatswiri olangiza boma la Britain linanena kuti umboni woti njirayi imayeretsadi mpweya wa m'mizinda ndi wochepa. Chifukwa chake n'chomveka. Khoma limayeretsa mpweya wokhawo umene walikhudza, pamene utsi wambiri umangodutsa chapatali. Kwathu kuno dzuwa ndi lokwanira, koma fumbi la m'chilimwe lingakhale chopinga chachikulu.

Amalonda ndi ogula asamale pa mfundo iyi. Penti yoyera wamba nayonso imakhala ndi titanium dioxide, koma kawirikawiri ndi wa mtundu wa rutile, ngati amene anapezeka wambiri ku Kasiya m'boma la Lilongwe, ndipo amakutidwa dala kuti asagwire ntchito padzuwa, chifukwa akanatero akanadya pentiyo. Woyeretsa mpweya nthawi zambiri ndi wa mtundu wa anatase, wokonzedwa mwapadera. Choncho mawu oti titanium dioxide pachitini si umboni woti pentiyo imachotsa utsi.