Pepala la 1965 Limene Likulipira Mlandu wa Lero

Ku America munthu akhoza kusiyiridwa bizinesi ya makolo, monga malo ochapa masuti ndi mankhwala, n'kudzalandira kalata ya boma yomuuza kuti pansi pa nyumbayo pali poizoni ndipo achotse ndi ndalama zake. Lamulo lopatsa boma mphamvu imeneyi linakhazikitsidwa mu 1980 ndipo limadziwika kuti Superfund. Linabwera dziko litadzidzimuka ndi nkhani ya Love Canal ku Niagara Falls, kumene sukulu ndi nyumba za anthu zinamangidwa pamalo amene kampani ya Hooker Chemical inakwirira mankhwala. Lamuloli n'louma mtima. Silifunsa ngati munthu anataya dala, kapena ngati pa nthawiyo kutayako kunali koletsedwa, ndipo boma likhoza kugwira munthu mmodzi kuti alipirire onse.

Nanga ndalamazo zichokera kuti? Ena amakazipeza m'makatoni a mapepala a agogo awo.

Tiyerekeze kuti bambo wina anakumba chimbudzi kumtunda kwa chitsime cha mnansi wake. Chaka chilichonse ankapereka thumba la chimanga kwa mpondamatiki wa m'mudzimo, amene ankalonjeza pamaso pa amfumu kuti: "Chilichonse chimene chiwonongeke kwa anansi chaka chino chifukwa cha pakhomo panu, mlandu ndi wanga." Patapita zaka bamboyo analeka kupereka chimanga, kenako anamwalira. Lero madzi a pachitsime ayamba kununkha, ndipo amfumu aitana mwana wa malemuyo. Mwanayo akapita kwa mpondamatiki uja, yankho loyamba likhala lakuti pangano linatha kalekale. Koma funso la pabwalo si lakuti fungo lamveka liti. Funso ndi lakuti zonyansa zinayamba liti kulowerera pansi. Ngati zinkalowerera m'zaka zimene chimanga chinkalandiridwa, ndiye kuti mwini kulonjeza akadali womangika.

Inshuwalansi imene mabizinesi a ku America ankagula m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960 inkayenda chonchi. Inkateteza zimene zawonongeka m'chaka cha pangano, ngakhale wodandaula atabwera patapita zaka 40, ndipo nthawi zambiri kampani inkalonjezanso kulipira maloya. Inkateteza katundu wa ena, osati wa mwini bizinesi. Mpondamatiki uja sanalonjeze kukonza bwalo la malemuyo, analonjeza za chitsime cha mnansi. Mwayi ndi wakuti makhoti ambiri amaona madzi a pansi pa nthaka ngati a anthu onse, choncho poizoni akangowafika, mlandu walowa m'pangano.

Makampani a inshuwalansi anaona kumene zinthu zinkalowera. Mu 1973 anaika m'pangano mawu okana kulipira kuipitsa malo pokhapokha kutachitika mwadzidzidzi komanso mwangozi. Makhoti anagawanika: ena anati thanki yodontha pang'onopang'ono siyadzidzidzi, ena anati chilichonse chimene mwini sankachiyembekezera n'chadzidzidzi. Pofika 1986 makampani anangotseka khomo lonse. N'chifukwa chake pepala lofiirira ndi ukalamba limaposa la chaka chatha.

Nkhani ya Stringfellow ku California ikuonetsa kukula kwa ndalama zake. Kuyambira 1956 mpaka 1972, mafakitale anathira magaloni oposa 30 miliyoni a madzi a mankhwala m'maiwe okumbidwa pamalo ena m'chigawo cha Riverside. Boma la California, limene linasankha malowo poganiza kuti pansi pake pali mwala wosadutsa madzi, linapezeka lolakwa. Nalo linatembenukira makampani amene analigulitsa inshuwalansi pakati pa 1964 ndi 1976. Makampaniwo anati aliyense alipire kagawo ka chaka chake chokha. Mu 2012 khoti lalikulu la California linagamula kuti pangano lililonse likhoza kulipira mpaka pamlingo wake wonse, ndiponso kuti boma likhoza kusanjikiza mapangano a zaka zonsezo pamodzi. Mlanduwo unayamba mu 1993. Amene alibe thumba lakuya ngati la boma, zaka zotere zikhoza kumufoola asanaone n'tambala yomwe.

Ntchito yeniyeni ili pa umboni. Ndani amasunga pepala la inshuwalansi yotha ntchito kwa zaka 50? Pali anthu amene ntchito yawo ndi kufufuza zimenezi basi. Amapukuta fumbi m'mabuku owerengera ndalama, amatsata cheke chakale cholipirira inshuwalansi, kalata ya ejenti, fayilo ya mlandu wa kasitomala amene anaterereka pakhomo la shopu mu 1968 kampani ina n'kumulipira chipepeso. Nambala imodzi ya pangano yolembedwa pakona ya lisiti imatha kutsegula njira, chifukwa makampani ambiri ankagwiritsa ntchito mawu ofanana, ndipo odziwa akhoza kunena zimene pepala lotayikalo linkanena. Mu 2002, pa mlandu wa Dart Industries, khoti lomwelo la California linavomereza kuti pangano lotayika litsimikizidwe ndi umboni wa mtundu umenewu.

Ngakhale pepala lipezeke, mwina kampani yake inagwa kale. Lloyd's ya ku London inatsala pang'ono kumira ndi milandu yakale ya asibesitosi ndi kuipitsa malo, moti mu 1996 inasamutsira ngongole zonsezo ku bungwe lapadera lotchedwa Equitas. Makampani amene alipo amakonda kunena kuti mwini malo anachedwa kuwadziwitsa, kapena kuti anayamba kukumba nthaka ndi kulipira akatswiri asanawafunse. Choncho maloya amalangiza kuti kalata ya boma ikangofika, mwini malo alembere kampani iliyonse imene dzina lake likuoneka m'makatoni muja, asanaitane n'katapila wokumba nthaka yemwe.