Nyumba ikalowa madzi, musathamangire simenti

Madzi akalowa m'nyumba n'kuphwa, ambiri timaganiza kuti vuto latha. Timasesa matope n'kuyamba kufunsa mtengo wa thumba la simenti. Koma nyumba zambiri sizigwa tsiku la madzi lomwelo ayi. Zimagwa patapita masabata kapena miyezi, chifukwa cha chinyezi chimene chinatsalira m'kati mwa khoma ndi pansi pa maziko. Nkhaniyi ikukhudza alimi ndi asodzi onse a m'mphepete mwa nyanja, koma tiyeni titengere chitsanzo pa Chipyela, pachilumba cha Likoma, chifukwa kumeneko kulakwitsa pokonza nyumba kumapweteka m'thumba kuposa kumtunda.

Pa Likoma simenti, malata, laimu ndi misomali zimachita kubwera pa sitima ya Ilala kapena pa maboti kuchokera ku Nkhata Bay. Ngakhale chimanga chambiri n'choolotsa, poti nthaka yake ndi ya mchenga ndi miyala, yoyanjana ndi chinangwa. Choncho munthu akataya thumba limodzi la simenti pakhoma lonyowa, wataya ndi ndalama ya ulendo yomwe.

Madzi amafika m'nyumba za kumeneku m'njira ziwiri. Mvula ya pakati pa Disembala ndi Epulo ikagwa pamiyala silowa pansi msanga, imathamanga kutsika mapiri n'kukaima kuseri kwa nyumba. Njira ina ndi nyanja yeniyeniyo, imene imafika pachimake cha kudzadza cha mu Epulo ndi Meyi. M'chaka cha 2024 nyanja inakwera mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota, kotero kuti akuluakulu anakumbukira za 1980. Nyanja ikadzadza chotero, mphepo ya mwera imakankhira mafunde pamaziko a nyumba zoyandikana ndi gombe.

M'mizinda ngati Johannesburg kapena London muli makampani amene ntchito yawo ndi yokhayi, yokonza nyumba zolowa madzi. Amabwera ndi mapampu, mafani akuluakulu, makina oyamwa chinyezi mumpweya, ndiponso kachipangizo kopimira kunyowa kwa khoma. Zoterezi si za pa Chipyela. Komabe chimene amalipiritsa anthu amenewa kwenikweni si makinawo, koma kudziwa choyamba ndi chotsiriza: amaona ngati nyumba ili yotetezeka, amachotsa zonse zonyowa, amapha tizirombo, amaumitsa, ndipo kumata ndi kupenta kumabwera pamapeto penipeni. Ndondomeko imeneyi mungathe kuitsata pogwiritsa ntchito anthu amene tili nawo kale: mmisiri womanga, mlangizi wa zaumoyo ndi mlangizi wa zaulimi.

Musanalowe, zungulirani nyumba. Mukaona khoma lapendekeka, lafufuma m'munsi, kapena pali mng'alu wodutsa mopingasa kuchokera pangodya ya zenera kapena chitseko, musagonemo mpaka mmisiri ataiona. Kuti mudziwe ngati mng'alu ukukula, matani kadothi kapena kasimenti pang'ono podutsa mng'aluwo. Kakasweka patapita sabata, ndiye kuti maziko akutitimirabe, ndipo kutseka mng'aluwo n'kungodzinamiza. Ngati m'nyumbamo muli magetsi, azimitsidwe pa swichi yaikulu mpaka wodziwa za magetsi atayang'ana masoketi.

Tsono poti nyumba ya mlimi ndi nkhokwe yomwe, yambani ndi chakudya. Ufa, makaka kapena usipa umene waviikidwa m'madzi osefukira utayidwe, chifukwa madzi otere amakhala atadutsa m'zimbudzi. Tisaiwale kuti kolera ya 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mphepete mwa nyanja anavutika nayo kwambiri. Chimanga ndi mtedza zimene zangogwira chinyezi ziyanikidwe tsiku lomwelo pamphasa kapena pathandala, osati padothi. Zikakhala m'thumba masiku awiri kapena atatu zili zonyowa zimachita chuku, ndipo poizoni wa chuku saphedwa ndi kuphika, kukazinga ngakhale kufulula mowa. Musapatsenso nkhuku kapena nkhumba, poti nazonso zimadwala naye.

Chimanga chosunga chiyenera kuuma kufika pa chinyezi cha 13 peresenti. Popanda chopimira, tengani botolo louma bwino, ikanimo chimanga chodzadza dzanja ndi supuni ya mchere wouma, tsekani, khutchumulani, kenaka dikirani pang'ono. Mchere ukamamatira m'mbali mwa botolo, bwererani nacho padzuwa. Mbewu yobzala muiyese pofesa njere 100 pamchenga wonyowa. Zikamera zosakwana 80 pakutha pa sabata, yambani kufunafuna ina nthawi ikadalipo. Za feteleza wa Urea amene walowa madzi, pepani, ameneyo wapita.

Mukatulutsa katundu yense, kokolani matope akadali ofewa, tsukani ndi sopo, kenaka pukutani pansi pa simenti ndi madzi a klorini. Ngati mukugwiritsa ntchito Jik wa mphamvu ya 3.5 peresenti, sakanizani kapu imodzi ndi makapu 6 a madzi. Tsukani kaye musanathire, chifukwa klorini akakumana ndi matope amatha mphamvu. Pansi pozira, palani dothi lapamwamba n'kukataya kutali, mudzazire ndi latsopano pakauma.

Pano ndi pamene pagona nkhani. Khoma limamwa madzi ngati chingwe cha koloboyi chimene chimakoka palafini, kotero kuti chinyezi chimakwera kupitirira mzere umene madzi anasiya. N'chifukwa chake mmisiri wodziwa ntchito amagumula pulasitala mpaka theka la mita pamwamba pa mzerewo, mbali zonse ziwiri, kuti njerwa zipume. Eni nyumba ambiri zimawapweteka kuona munthu amene amuitana kudzakonza akuyamba ndi kugumula, koma mmisiri wothamangira kumata ndi amene muyenera kumuopa. Amisiri akale ankati khoma limauma inchi imodzi pamwezi. Kukatentha kapena kukakhala mphepo limafulumirapo, komabe khoma la mainchesi 9 si la sabata ziwiri.

Tsegulani zitseko ndi mazenera usana wonse, ndipo chotsani makabati ndi matumba otsamira kukhoma. Mwera womwe uja umavutitsa asodzi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti ndiye fani yanu yaulere. Musayese kuumitsa chipinda ndi mbaula mutatseka zitseko: mpweya wa makala umapha munthu ali m'tulo. Kuti mudziwe ngati khoma lauma, matanipo kapepala ka pulasitiki madzulo, mutseke m'mbali monse. Mukapeza thukuta kuseri kwake m'mawa, dikiranibe. Ufa woyera wotuluka panjerwa ndi mchere wochokera m'dothi. Upaleni ndi burashi youma, osautsuka, poti madzi amaubwezera m'kati.

Khoma la zidina lili ndi lamulo lake. Chidina chikanyowa n'kufewa sichibwereranso mphamvu yake yonse, choncho mizere ya m'munsi ichotsedwe pang'onopang'ono, kagawo kosapitirira mita imodzi nthawi imodzi, denga litachirikizidwa ndi mitengo, n'kuikamo miyala kapena njerwa zootcha. Miyala pa Likoma siisowa. Tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene amishoni a UMCA anayamba kumanga pa Chipyela pomwepo mu 1903, chadutsa mvula za zaka zoposa 100 chili chiimire, ndipo womanga aliyense angaphunzirepo kanthu pongoyang'ana m'munsi mwake. Pakati pa maziko ndi mzere woyamba wa njerwa yalani pulasitiki yakuda yokhuthala. Ndi yotsika mtengo poyerekeza ndi simenti, koma ndi imene imaletsa chinyezi kukwera.

Pomaliza khomalo, pakani laimu m'chaka choyamba. Penti ya mafuta imatsekera chinyezi m'kati, kenaka imatupa n'kusupuka, ndipo khoma la zidina lomatidwa ndi simenti yolimba limaolera kuseri mwini wake osadziwa. Yang'ananinso mafelemu ndi mitengo ya denga, pakuti chiswe chimatsata ponyowa.

Kunja nakonso kukonzedwe. Kumbani ngalande kumtunda kwa nyumba yopatutsira madzi a kuphiri, kwezani khonde kuti litsetserekere kunja, ndipo kumtunda kwa ngalandeyo bzalani mzere wa udzu wa vetiva monga timachitira m'munda. Mchenga wa m'nyanja yathu ulibe mchere ngati wa kunyanja yaikulu, ndiye ndi wabwino kumangira, koma musaukumbe pagombe la kutsogolo kwa nyumba zanu. Mchenga umenewo ndi umene umaswa mafunde. Chimbudzi chogumuka chikwiriridwe, chatsopano chikumbidwe mamita 30 kapena kuposerapo kuchokera pachitsime, ndipo chitsime cholowa madzi osefukira musamwe mpaka a zaumoyo atathiramo klorini.

Simenti muitanitse khoma litauma, cha mu Ogasiti kapena Seputembala, kuti ntchito ithe mvula isanayambe. Ikafika msanga, muisanjike pamatabwa kutali ndi khoma, chifukwa thumba logona m'nyumba yachinyezi limasanduka mwala musanalitsegule.