Chilango chikachepa, mlandu sunathe

"Zaka ziwiri zokha basi?" Ndi funso lomwe linamveka dziko lonse mu November 2016, khoti litagamula kuti Eric Aniva, fisi uja wa ku Nsanje, akagwire ukaidi wa miyezi 24. Mabungwe omenyera ufulu wa amayi anadandaula kuti chilangocho chinachepa.

Funso lomweli ndimalimvanso kwathu ku Usisya, munthu akatema mnzake ndi chikwanje kapena akagwiririra mwana, kenaka n'kubwerera kumudzi bala lisanapole. Kuno timakhala pakati pa mapiri ndi nyanja. Kuti ukafike ku Nkhata Bay kapena ku Mzuzu, udikire Ilala kapena boti, apo ayi ulimbane ndi msewu wa zitunda. Ndiye banja likamva chigamulo, ambiri amangoti, "Basi, boma lagamula." Ena mtima ukawawa amayamba kuganiza zobwezera okha.

Komatu abale anga, mawu a majisitireti si otsiriza. Malamulo athu amafuna kuti chilango chikapitirira mlingo winawake, fayilo ipite ku Khoti Lalikulu, kwa ife la ku Mzuzu, kuti jaji akaiunike. Jajiyo atha kuvomereza chilangocho, kuchichepetsa, ngakhale kuchiwonjezera. Milandu yakupha imayambira ku Khoti Lalikulu komweko, ndipo apilo yake imapita ku Supreme Court of Appeal. Kale milandu yotereyi inkagamulidwa ndi anthu wamba 12, koma boma linaimitsa dongosololi poona kuti oganiziridwa ankakhalitsa m'ndende podikira.

Nanga chilango chimakweradi? Fabiano Maliko anachita apilo atapatsidwa zaka 14 chifukwa chogwiririra mwana. Mu 2021, Jaji Redson Kapindu anaona kuti zakazo zinachepa, ndipo anazikweza kufika pa 40. Mwini wake anapita kukapempha kuti amuchotsereko, anabwerako atasenza katundu wolemera.

Apilo imathandizanso amene chilango chamukulira. Mu 2007, pa mlandu wa Francis Kafantayeni, Khoti Lalikulu linati n'kosemphana ndi malamulo oyendetsera dziko kuti aliyense wopezeka wolakwa pa mlandu wakupha azingolamulidwa kunyongedwa, jaji osayamba wamva mmene zinakhalira.

Pali chinthu chimodzi chomwe ndikufuna tichimvetse. Pa mlandu waupandu, wolakwiridwa sachita apilo yekha, poti mlanduwo ndi wa boma. Njira yake ndi kudzera kwa wapolisi woimira boma pamlandu, yemwe angatumize dandaulo ku ofesi ya mkulu wozenga milandu, DPP.

Apa ndi pomwe ife a mafoni tingathandize makolo. Lembani nambala ya mlandu. Jambulani lipoti la kuchipatala ndipo mulisunge. Funsani kalaliki wa khoti ngati fayilo yapita ku Mzuzu. Musachedwe, nthawi ya apilo ndi yochepa. Kukalipa pa Facebook kumapepuza mtima, koma jaji amawerenga zomwe zili mu fayilo.